Msuzi wa bwemba wa amayi anga

Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwambi umenewu ndidauphunzira kwa alimi a mpunga a m'boma la Nkhotakota amene ndimagwira nawo ntchito, koma tanthauzo lake ndidalimvetsa tsiku limene ndidadyanso pamodzi ndi amayi anga patapita zaka zitatu ndili kutali. Kwathu ndi ku Philippines, dziko la zilumba zoposa 7,000 ku Asia. Mudzi wathu uli m'chigawo cha Laguna, kufupi ndi tauni ya Los Baños kumene kuli likulu la IRRI, bungwe lofufuza za mpunga limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1960.

Ku Nkhotakota sindinkagona ndi njala ayi. Nsima ya kondowole ndidaizolowera, ndipo mpunga wa Kilombero umanunkhira mokoma ngati mpunga wabwino wa kwathu. Komabe madzulo ena mtima unkangolakalaka sinigang, msuzi wowawasa umene timaphikira nsomba kapena nyama ya nkhumba pamodzi ndi masamba. Pobwera ku Malawi ndidanyamula timapaketi ta ufa wa msuzi umenewu togula m'sitolo. Titatha, ndidangoti basi, sinigang ndidzakamuonanso kwathu.

Tsiku lofika kumudzi ndidapeza amayi atakhala pakhonde. Ndidagwira dzanja lawo ndi kuligunditsa pachipumi panga, monga timachitira popereka ulemu kwa akuluakulu. Iwo sadafunse za ndege kapena za katundu. Adangoti, "Mwana wanga, wadya kale?" Kwathu funso limeneli ndi moni ndithu.

Mlungu woyamba ndidadya ngati munthu wochokera kundende. M'mawa kunali sinangag, mpunga wotsala dzulo wokazinga ndi adyo, chifukwa kwathu mpunga wogona sutayidwa, monga momwe mkute sutayidwira kuno. Pambali pake panali tuyo, tinsomba touma tamchere tondikumbutsa usipa. Masana kunali adobo, nkhuku yophikidwa mu viniga, msuzi wa soya, adyo ndi tsabola wakuda. Viniga ndi mchere zimathandiza kuti ndiwo zimenezi zisasase msanga m'dziko lotentha ngati lathu. Tsiku lina kunali tinola, msuzi wa nkhuku wothira jinja, papaya wamuwisi ndi masamba a malunggay. Tinkadya ndi manja, ndipo ine ndi mlongo wanga tinkalimbirana tutong, mpunga wopserera wa pansi pa mphika, monga ana amalimbirana nkhoko.

Koma ndidaona chinthu chimene makalata sadandiuze. Amayi adali atakalamba. Maso awo sankaonanso bwino, ndipo manja ankanjenjemera akagwira mpeni. Nditapempha sinigang, adandiloza kuseri kwa nyumba nati, "Lero uphika ndiwe. Katchole sampalok."

Ndidawauza kuti ndikhoza kungothamangira kusitolo kukagula paketi. Adakhala chete kwa kanthawi, kenako adati, "Zidzukulu zanga za ku Manila zimayesa kuti sinigang amachokera m'pepala. Kodi nawenso? Ine sindidzakhalapo masiku onse."

Ndidapita kukatchola. Nditaimirira pansi pa mtengowo ndidachita manyazi, chifukwa sampalok ndi bwemba. Mtengo ngati womwewo udalipo kuseri kwa nyumba yanga ku Nkhotakota, ndipo ana ankaugenda tsiku ndi tsiku ine ndikuona. Akatswiri a zomera amati kwawo kwenikweni kwa bwemba ndi kuno ku Africa. Ku Asia adachita kufikako kalekale ndi anthu amalonda. Ndidakhala zaka zitatu ndikulira chakudya cha kwathu ndili pamthunzi wa mtengo wake.

Amayi adakhala pampando nayamba kundilangiza. Madzi otsukira mpunga kachiwiri usataye, ndiwo uphikire msuzi. Bwemba wosapsa umuwiritse mpaka afewe, umukanye, usefe madzi ake. Yamba ndi anyezi ndi tomato, kenako therere lobala, ndipo nsomba ilowe mochedwa kuti isaphwanyike. Masamba ndiwo omaliza: ukangowathira, vundikira mphika ndi kuuphula. Tsiku limenelo tidaphika bangus, nsomba yotchuka kwathu, ndipo m'malo mwa kangkong, masamba a m'madzi amene timathira kawirikawiri, tidathyola nsonga za mbatata m'dimba. Nditaziona m'lichero ndidaseka ndekha. Zinali kholowa.

Ndidayamba kuwerenga zomera za pakhomo pathu ndi maso atsopano. Malunggay ndi cham'mwamba. Kwathu masamba ake amapatsidwa kwa amayi oyamwitsa, ndipo ali ndi vitamini A, ayironi ndi kashiamu. Mtengo wake umaphuka ngakhale mutangodula nthambi ndi kuizika. Mbatata, papaya, tomato ndi tsabola zidafika ku Philippines kuchokera ku America m'nthawi ya ulamuliro wa Spain, pamene zombo zinkayenda pakati pa Manila ndi Acapulco kuyambira 1565 mpaka 1815. Mbewu zomwezo zili m'minda ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Amayi adandikumbutsanso kuti mphepo yamkuntho ikagwetsa mpunga m'munda, banja limatsamira pa mbatata ndi malunggay, chifukwa zimaphukanso msanga.

Msuzi utapsa adaulawa, nakwinya nkhope pang'ono. "Mchere wachepa," adatero, koma mbale adaimaliza. Kenako adandifunsa kuti, "Kumene uliko, umadya ndi yani?" Ndidalibe yankho labwino. Alimi ankandiitanira nsima nthawi zonse, koma ine sindidawaphikirepo chilichonse cha kwathu, poganiza kuti zofunika zake sizipezeka.

Nditabwerera ku Nkhotakota sindidanyamule paketi ndi imodzi yomwe. Bwemba atayamba kubereka ndidagula chambo kunyanja, ndidapempha kholowa kwa mayi woyandikana nane nyumba, ndipo ndidaitana banja lake lonse. Mayiyo adadabwa kuona bwemba m'ndiwo, poti iye amamudziwa ngati chakumwa ndi chothira m'phala. Adadabwanso kuti masamba sindidawathire soda ndipo adakhalabe obiriwira. Ndidamufotokozera kuti soda ndi kuphika nthawi yaitali zimawononga ena mwa mavitamini a m'masamba. Iye naye adandiphunzitsa kutendera cham'mwamba ndi nsinjiro, zimene amayi anga sadazionepo.

Abale anga alimi ndi alangizi, ife timathamangira kulankhula za mbewu zochokera kutali, pamene ndiwo zopatsa thanzi zili kumpanda kwa nyumba, ndipo agogo odziwa kaphikidwe kake akutha mmodzimmodzi. Afunseni akadali moyo, ndipo muphike iwo akuona. Ine ndidalembera amayi kalata yowauza za nsinjiro. Mlongo wanga adawawerengera, ndipo adayankha kuti ndikadzabweranso ndidzawaphikire.