Khonsolo Ikauma M'thumba: Za ku Birmingham ndi Kwathu ku Blantyre

Amalawi amene anali ku Birmingham mu Marichi 2025 anagwira pakamwa. M'misewu ya ku Small Heath ndi Sparkhill matumba akuda a zinyalala anaunjikana mpaka kutseka njira, ena atabooledwa ndi makoswe, matewera ndi makombo zili mbwee. Otola zinyalala anali atanyanyala ntchito, ndipo pakutha pa mweziwo khonsolo inalengeza kuti matani pafupifupi 17,000 a zinyalala ali gone m'misewu.

Nkhaniyi inayambira patali. Pa 5 Seputembala 2023, khonsolo ya mzindawu, yomwe imatumikira anthu oposa 1.1 miliyoni, inatulutsa chikalata chotchedwa Section 114. Uku kunali kuvomera poyera kuti ndalama zolowa zachepa kuposa zotuluka, ndipo kuyambira pamenepo izingolipira zokhazo zimene lamulo limaikakamiza.

Chinaigwetsa kwambiri ndi ngongole ya amayi. Kwa zaka zambiri, ophika m'masukulu, okolopa ndi osamalira okalamba, omwe ambiri ndi akazi, sankalandira mabonasi amene amuna otola zinyalala ndi osesa misewu ankalandira, chonsecho ntchito zawo zinali pa mlingo umodzi. Mu 2012 khoti lalikulu la Britain linalola amayiwa kupitiriza mlandu wawo. Pofika 2023 khonsolo inali italipira kale pafupifupi £1.1 biliyoni, ndipo inkati zotsala zingafike £760 miliyoni. Pamwamba pake panabwera makina a Oracle oyendetsera ndalama, omwe anawerengera £19 miliyoni koma mtengo wake unakwera kufika cha m'ma £100 miliyoni. Alipo amene amaloza chala amayiwa. Amenewo akulakwa: mayi amene anamanidwa thukuta lake kwa zaka khumi sanabe kanthu pofunsa chake.

Boma la ku London linatumiza akuluakulu ake kudzayang'anira khonsolo. Msonkho wa nyumba, council tax, unakwera ndi 9.99 peresenti mu 2024 ndi 7.49 peresenti mu 2025. Magetsi a m'misewu anawachepetsa kuwala, thandizo kwa magulu a zisudzo ndi nyimbo analidula.

Koma pali mbali imene khonsolo singaithawe. Lamulo limati khonsolo isamalire okalamba, olumala ndi ana amene alibe pogwira, ndipo kumeneku ndi kumene kumapita gawo lalikulu la bajeti. Amalawi ambiri kunoko amadya za ntchito imeneyi. Mtsikana wochokera ku Ndirande amadzuka kukali mdima, n'kukwera basi kukasambitsa gogo wokhala yekha, kumumwetsa mankhwala, kumupesa tsitsi, kenako kuthamangira nyumba yotsatira. Kawirikawiri ndalama ya ola limenelo yachokera ku khonsolo.

Kwathu katundu ameneyu sapezeka m'mabuku a khonsolo ayi. Agogo akafooka, amawasenza ndi mwana wawo wamkazi kapena mdzukulu, nthawi zina mtsikana wosiyira sukulu panjira, ndipo ndalama ya mankhwala imabwera pa Mukuru kuchokera kwa m'bale wa kunja yemwe akusambitsa agogo a eni. Chimenechi chimapweteka mtima.

Ngakhale mtolo umenewu uli pamutu pa mabanja, khonsolo ya Blantyre imavutikabe. Imadalira ma city rates, malaisensi a malonda ndi ziphaso za m'misika, ndipo eni nyumba ambiri amazemba kapena amachedwetsa. Galimoto ya zinyalala imafika m'madera ochepa n'kukataya ku Mzedi. Ku Ndirande ndi ku Mbayani anthu amakumba dzala, amatentha madzulo, ena amangoponya mu Nasolo kapena mu Mudi kudikira mvula ikokolole.

Chimene Mmalawi wa ku Birmingham amasirira, ngakhale mzindawu unagwa, ndi kalata imene imafika pakhomo mwezi wa Marichi. Imalemba ndalama zimene nyumbayo ilipire, gawo la khonsolo, la apolisi ndi la ozimitsa moto. Msonkhano wa bajeti amauonetsa pa intaneti, ndipo anthu amakaima panja ndi zikwangwani kuteteza laibulale ya m'dera lawo.

Koma kwathu, mu msika wa Limbe, wodulitsa ziphaso amafika mmawa ndi kabuku kake mayi wa tomato asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Mayiyo amamasula mfundo ya chitenje, amalipira, n'kupinda kapepalako. Amatero tsiku lililonse, chaka chonse, koma palibe anamuonetsapo kuti pa ndalama imeneyo, yopita ku chimbudzi cha mumsika ndi zingati, yochotsera mulu wa makoko a nthochi kuseri kwa benchi lake ndi zingati.