ULENDO WA PA NJINGA KU CAPE HENLOPEN

Kum'mawa kwa dziko la Amereka kuli cigawo cacing'ono cochedwa Delaware. Kumeneko, pamene madzi a Delaware Bay akumana ndi nyanja yaikulu ya mcere ya Atlantic, mtunda unasongoka ngati mlomo wa mbalame, ndipo nsonga imeneyo ndiyo Cape Henlopen. Malowo ndi paki ya boma la cigawoco, ndipo kukula kwake kuposa mahekitala 2,000. Muli zitunda za mcenga, nkhalango za mitengo ya paini, madambo a madzi a mcere ndi gombe lalitali. Koma ife cimene cinatikokera kumeneko ndi njira zake za njinga, zimene galimoto siloledwa kupondamo.

Aliyense amene anapalasapo njinga m'mphepete mwa mseu waukulu adziwa m'mene mtima umadumphira lole ikamalira kumbuyo. Maso amakhala pa tayala lakutsogolo, makutu ali kumbuyo, ndipo dziko limene munthu akudutsamo saliona konse. N'cifukwa cake makolo ambiri safuna kuti mwana wao atuluke ndi njinga pamseu. Ku Cape Henlopen mantha amenewa kulibe. Tinaona agogo a imvi akupalasa mwacifatse, adzukulu ao akupikisana patsogolo, ndi amai akukoka kangolo kakang'ono kumbuyo kwa njinga, khanda liri m'tulo momwemo.

MALO A ANTHU ONSE

Ulendo wathu unayambira m'tauni ya Lewes, imene iri pakhomo pa pakiyo. Azungu oyamba kumanga pamalopo anali a ku Holland, m'caka ca 1631. Pambuyo pake, mu 1682, William Penn amene anali wolamulira dera limenelo analamula kuti malo a ku Cape Henlopen akhale ogwiritsidwa nchito ndi anthu onse a ku Lewes ndi a m'boma la Sussex. Motero malowa ali m'gulu la malo oyamba m'dzikolo kupatulidwa kuti akhale a anthu wamba. Paki yeniyeniyo inakhazikitsidwa mu 1964.

Mlendo wopanda njinga sabwerera cimanjamanja. Gulu la anthu odzipereka lochedwa Friends of Cape Henlopen State Park limabwereketsa njinga kwaulere kwa maola awiri, kuti munthu ayende nayo m'kati mwa paki. Lamulo la ku Delaware lifuna kuti mwana aliyense wosakwana zaka 18 avale cisoti colimba pokwera njinga. Cina coyenera kukumbukira ncakuti kumeneko amayenda kumanja kwa njira. Wofuna kupitirira mnzake amaliza belu kapena kupfuula mau ocenjeza, kenaka n'kudzera kumanzere.

NSANJA ZA NKHONDO

Njira yoyamba ndi yaphula, yozungulira pakati pa paki, ya makilomita pafupifupi 5. Imadutsa pakati pa mitengo ya paini yaifupi, yopindika ndi mphepo ya kunyanja, ndipo fungo la utomoni limasakanizika ndi la mcere. Tisanapite patali tinaona nsanja yaitali yozungulira, ya simenti, yokhala ndi timazenera topyapyala kumwamba kwake.

Nsanjayo ndi cotsalira ca linga la asilikali lochedwa Fort Miles, limene linamangidwa pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Nchito yake inali kuteteza khomo la Delaware Bay, cifukwa zombo zopita ku mzinda wa Philadelphia zimalowera pamenepo. Nsanja zotere zinamangidwa 11 m'mbali mwa gombe la Delaware. Asilikali a m'nsanja ziwiri zotalikirana ankayang'ana combo cimodzi, aliyense n'kuyeza mbali imene akucionera, ndi kutumiza ziwerengerozo pa lamya. Ena ankazilemba pa mapu, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene panali combo. Mizinga ikuluikulu ya palingapo inali ndi kukamwa kwa masentimita 40, komabe nkhondo inatha isanaombere mdani. M'mwezi wa Meyi 1945, sitima ya pansi pa madzi ya ku Germany yochedwa U-858 inafika nayo pamalopa itadzipereka.

Nsanja imodzi njotsegulira alendo. Tinatsamiritsa njinga zathu pansi ndi kukwera makwerero ake okhotakhota. Pamwamba tinaona nyanja mbali ziwiri, citunda cacikulu ca mcenga cotalika mamita ngati 24, ndi combo conyamula anthu ndi magalimoto cimene cakhala cikuoloka pakati pa Lewes ndi Cape May ciyambire 1964. Pansi pathu, m'tinjira tomwe kale munkayenda asilikali, munali ana akuseka pa njinga zao.

PAMWAMBA PA DAMBO

Titacoka pamenepo tinalunjika kumwera, kufika pa Herring Point, pamene payambira njira ya Gordons Pond. Njira imeneyi inamalizidwa mu 2014 ndipo ndi ya makilomita 5. Mbali yaikulu anathiramo miyala yophwanya yosalala bwino, koma cigawo cina, ca mamita pafupifupi 800, ndi mlatho wautali woimikidwa pa mizati. Anacita dala kuukweza m'mwamba. Akanathira dothi ndi kumanga mseu wamba, madzi a m'dambo akanatsekeka, mcenga ukanaleka kuyenda m'mene umayendera, ndipo zomera ndi tizilombo ta pamenepo zikanaonongeka. Tsopano anthu amadutsa pamwamba, za pansi n'kumakhala monga kale.

Apa ndi pamene tinamvetsa phindu la njira yopanda injini. Kunali zii, kungomveka kulira kwa matayala ndi mafunde capatali. Akakowa oyera anaima m'madzi osaya, osatekeseka ndi kudutsa kwathu. Mbalame ina yodya nsomba, yofananako ndi nkhwazi, imene kumeneko amaicha osprey, inazungulira m'mwamba, n'kugwera m'madzi ndi kuuluka itakolowola nsomba m'zikhadabo. Wa pagalimoto akanaona msipu wobiriwira cabe. Akulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo njinga imaphunzitsa kudekha kumeneko.

Mbalame zimalemekezedwa kwambiri m'pakimu. Caka ciriconse kuyambira pa 1 Malichi, nsonga yeniyeni ya Cape Henlopen imatsekedwa kufikira kuciyambi kwa Sepitembala. Cifukwa cake ndi kambalame kochedwa piping plover ndi zinzake zoikira mazira pagombe. Kambalameka sikamanga cisa m'mtengo. Kamangofukula kadzenje pamcenga, ndipo mazira ake amafanana ndi mcengawo kotero kuti munthu angawaponde osadziwa. Anthu anavomera kuluza gombe lokongola kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti anapiye akule.

NYANJA IKUDYA MTUNDA

Pafupi ndi mapeto a njira ya Gordons Pond, kuyang'ana kunyanja, kuli nsanja zina ziwiri za nkhondo zija. Pozimanga anaziika kumtunda, kutali ndi madzi. Lero ziri pagombe penipeni, ndipo madzi akadzaza mafunde amamenya m'tsinde mwake. Nsanjazo sizinasunthe, nyanja ndiyo yazitsatira. Zimenezi sizacilendo kuno. Nyumba ya nyale yotsogolera zombo, imene inamangidwa pa Cape Henlopen m'zaka za m'ma 1760, inagwera m'nyanja mu Epulo 1926, mafunde atakokolola mcenga wa pansi pake. Popeza madzi a m'nyanja akunka nakwera pa dziko lonse, madambo ndi zitunda za mcenga ndizo zichinga tauni za m'mbalimu. N'cifukwa cake okwera njinga amapemphedwa kusatuluka m'njira. Udzu wa pamcenga ukapondedwa umafa, ndipo mphepo imaulutsa citunda conse pang'onopang'ono.

KUBWERERA PA NJANJI YAKALE

Njirayo imathera kufupi ndi tauni ya Rehoboth Beach. Tauniyi inayamba mu 1873 ngati malo a misonkhano ya Akhristu a mpingo wa Methodist, ndipo dzina lake ndi la citsime cija anakumba Isake m'buku la Genesis, lotanthauza malo otakasuka. Pano mpofunika kusamala, pakuti wa njinga amayenda m'miseu ya m'tauni pamodzi ndi magalimoto kwa kanthawi asanapeze njira yobwererera ku Lewes.

Njira yobwerera ichedwa Junction and Breakwater, dzina la njanji imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1800 ndipo inkabweretsa alendo kudzaceza kunyanja. Sitima zitaleka kuyenda, zitsulo zinazulidwa, ndipo mu 2003 cigawo coyamba cinatsegulidwa kwa oyenda pansi ndi a njinga. Popeza sitima sikwera zitunda zazikulu, njira yake njathyathyathya, yosatopetsa ngakhale wokalamba. Kwa makilomita ngati 10 tinadutsa m'mithunzi ya mitengo, m'mbali mwa minda ndi pa timilatho toolokera madambo. Ulendo wonse wozungulira, kucokera ku Lewes mpaka kubwereranso, uli pafupifupi makilomita 25, ndipo banja lingaumalize tsiku limodzi mosathamanga, likupumula ndi kudya kamba panjira.

Pafupifupi ciriconse cimene tinapondapo cinali ndi nchito ina kale: linga la asilikali, njanji ya sitima, dambo limene wina akanalikwirira n'kumangapo nyumba zogulitsa. Anthu a ku Delaware anasankha kupatsa malowa kwa oyenda pang'onopang'ono. Mwana amene wakulira pa njira yotere amadziwa kumene kakowa amaima ndi mwezi umene gombe limatsekedwa, ndipo akadzakula, nkhani yoononga dambolo ikadzabuka, adzakhala ndi cifukwa cakecake cokanira.