Galu wa Mbusa Russell

M'chaka cha 1819, mnyamata wina wa ku Devon m'dziko la England, dzina lake John Russell, anali kuphunzira ku Oxford. Tsiku lina anakomana ndi munthu wogulitsa mkaka ali ndi kagalu kakakazi, ndipo anakagula. Kagaluko kanali koyera, ka mawanga ofiirira m'maso, m'makutu ndi patsinde pa mchira. Dzina lake linali Trump.

Pambuyo pake Russell anakhala mbusa wa mpingo m'mudzi wa Swimbridge, koma sanaleke kukonda uzimba kufikira imfa yake m'chaka cha 1883. Iye anafuna galu wolowa kuuna kwa nkhandwe ndi kuitulutsa. Anafunanso kuti galuyo akhale woyera, kuopa kuti alenje angamuyese nkhandwe. Agalu a mtundu umenewu lero atchedwa Jack Russell. Iwo ali m'gulu la agalu otchedwa terrier, dzina lochokera ku mau a Chilatini otanthauza nthaka.

Galuyu ngwamfupi: kuchokera pansi kufika paphewa ndi masentimita 25 mpaka 30. Makutu ake ngaang'ono, opindikira kutsogolo, ndipo chifuwa nchopapatiza kuti athe kulowa pothina. Ena ali ndi ubweya wosalala, ena wokhakhala.

Tsono ambiri alakwira apa. Munthu aona kuchepa kwa galuyu naganiza kuti ngwongogona pakhonde. Amtsekera m'nyumba tsiku lonse. Pobwera madzulo apeza mphasa yong'ambika. Akamtulutsa, maluwa akumbidwa, nkhuku ya mnansi yafa. Pomwepo mwini atola ndodo. Koma walakwa ndani? Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ngakhale kagalu aka sikakumba pachabe: kukumba ndi kupirikitsa ndiyo ntchito imene makolo ake anasankhidwira.

Chotero wofuna kuweta galu ameneyu ayambe wadzifunsa ngati ali ndi nthawi. Ayenera kuyenda naye tsiku ndi tsiku, kumponyera mpira, ndi kumanga mpanda wolimba wolowa pansi. Ampese ubweya, ampatse madzi abwino ndi chakudya chosapyola muyeso, ndipo asaiwale katemera wa chiwewe. Amphunzitse kumvera akali mwana, pakuti m'mera mpoyamba.

Galu wosungidwa motere akhoza kukhala ndi moyo zaka 13 kapena kuposerapo. Zaka zonsezo mbuye wake akhala naye pangano, ndipo sayenera kuliswa chifukwa cha ulesi.