Madzulo a pa siteshoni ya Termini

Ine ndinkaganiza kuti kwa azungu kulibe munthu wogona panja. Maganizowo anathera ku Roma, komwe ndinapita pa ulendo wa mpingo. Kunja kwa siteshoni ya sitima ya Termini anthu amayala makatoni, chikwama cha zovala ndiye pilo.

Tsiku lina madzulo ndinatsagana ndi a gulu la Sant'Egidio, limene Andrea Riccardi analiyambitsa mu 1968. Kuno timalidziwa ndi zipatala za DREAM, ndipo pangano la mtendere wa ku Mozambique la 1992 linakambidwa kwa iwowa. Tinanyamula buledi, tiyi wamoto ndi mabulangete. Chinandikhudza si chakudyacho ayi. Aliyense ankamuitana ndi dzina lake, kumufunsa za chilonda chakumwendo, n'kukhala naye pansi pa simenti yozizira. Ine ndinaima chapatali nditagwira mphuno, mphunzitsi wathunthu amene ndimalalikira ana za umunthu mkalasi.

Anandiuza za Modesta Valenti, mayi wachikulire amene ankagona pa siteshoni yomweyo. Pa 31 Januwale 1983 anadwala mwakayakaya, koma a ambulansi anakana kumunyamula ati ndi wauve, mpaka anatsirizika pomwepo. Chaka chilichonse amachita Misa yomukumbukira, n'kutchula maina a ena onse ofera mumsewu.

Pamsika wa kwathu pali bambo wina amene amagona pakhonde la golosale. Kwa zaka 6 ndakhala ndikuwalambalala popita kusukulu. Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuwafunsa dzina. Anandiyang'anitsitsa, osayankha. Mawa ndipitakonso, nditenge phala.