Tinaonana maso ndi maso ku Trelawney

Lamulungu lapitali ku Trelawney ndinakumana ndi abale amene timangopempherera limodzi pafoni usiku. Mayi amene mawu awo ankandilimbitsa mtima mwana wanga atagonekedwa m'chipatala ku Chinhoyi, kani ndi agogo aafupi, zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Anandigwira dzanja osalisiya, akungoti, "Kodi ndi iweyo, mwanangu?"

Ambirife makolo athu anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ano. Minda itayamba kugawidwa mu 2000 tinabalalika, wina ku Banket, wina ku Harare. Foni yatisunga ndithu, koma nyimbo za CCAP zimakoma mukamaimba mutakhala pabenchi limodzi. Tapangana kuti pa Isitala tidzasonkhanenso kuno, aliyense adzabwere ndi kaufa.