SITESHONI YA NDOLA, KHOMO LA KUMIGODI

Amuna ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amene anapita kukafuna nchito kumigodi zaka zapitazo anayamba kuona dziko la mkuwa pa siteshoni ya sitima ya ku Ndola. Popeza njanji siinafike kwao, iwo anali kutsata mseu wa Great East kufikira ku Lusaka, kumene anali kukwera sitima yopita kumpoto, kupyola Kabwe ndi Kapiri Mposhi.

Njanji inafika ku Ndola m'caka ca 1909, patapita zaka zitatu cifikire ku Kabwe, ndipo inapitirira mpaka ku Sakania m'malire a dziko la Congo. Migodi itatsegulidwa, anamanga mphanda zopita ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Chingola, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa pambali pa Nkana mu 1936. Motero Ndola anasanduka mphambano. Mkuwa unali kutulukira pamenepo, pomwe malasha, makina, cimanga ndi anchito zinali kulowera pomwepo.

Koma khomo likhala ndi phindu ngati njira zake ziri zotseguka. Kampani ya Zambia Railways inayamba mu 1967, ndipo mu January 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a kumwera. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inaimitsanso njanji ya Benguela. Cimene cinapulumutsa dziko ndi njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, imene inatha kumangidwa caka comweco. Ngakhale zinali tero, katundu anacuruka, ndipo mu October 1978 a Kenneth Kaunda anatsegulanso njira ya kumwera kuti feteleza afike kwa alimi mvula isanagwe. Apa mpamene zinaoneka poyera kuti njanji yonyamula mkuwa ndi yomweyo imene idyetsa munda wa kumudzi.

Masiku ano apaulendo ambiri akwera mabasi, ndipo katundu wambiri ayenda pa malole. Chipata analandira njanji yake mu 2010, koma iyo iloza ku Mchinji m'dziko la Malawi, osati ku Ndola. Mdzukulu wa mlimi wa kum'mawa akafuna kupita kumigodi, ulendo wake uyambabe pa mseu womwe uja anatsata agogo ake.