Ganyu wa Maiko

Ophunzira amatiuza kuti dziko lapansi lasanduka mudzi umodzi. Ife a ku Mwanza sititsutsa, poti timaona ndi maso magalimoto a katundu ochokera ku Joni, ku Harare ndi kudoko la Beira atandanda pachipata chathu kudikira zikalata. Komatu mudzi uliwonse uli ndi eni minda ndi aganyu, ndipo funso lomwe landisautsa kwa zaka zambiri ndi lakuti, kodi m'mudzi waukuluwu ife tili mbali iti?

Ganyu sindinamuphunzire m'buku. Ndili mwana, mwezi wa Januwale ukafika nkhokwe itapepuka, mayi ankalawirira kukapalira m'munda mwa munthu wina kuti abwere ndi kambale ka ufa. Tinkadya ndithu, koma udzu m'munda mwathu sunkadikira. Mwini munda ankasankha waganyu wotchipa, ndipo mizere ikatha ubale unkathera pomwepo.

Makampani akuluakulu a maiko olemera amachita chimodzimodzi. Akaona kuti wantchito wa kwawo akufuna malipiro ochuluka, amatumiza ntchitoyo kudziko komwe thukuta ndi lotsika mtengo. Malaya osokedwa ku Bangladesh amakagulitsidwa ku London, ndipo munthu wa ku Britain akaimba foni kubanki yake, nthawi zina womuyankha amakhala ali ku India. Wogula amasangalala ndi mtengo wotsika, koma mnansi wake yemwe ankagwira ntchito kufakitale amatsala manja ali m'khosi. Nawo aganyu sikuti amagona tulo tabwino. Mu 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo osoka zovala za azungu.

Malaya aja eni ake akatopa nawo amafika pamsika wa Mwanza ngati kaunjika. Malume anga anali telala wapakhonde, ndipo nsalu zawo zambiri zinkachokera kwa David Whitehead ku Blantyre, fakitale yomwe boma linagulitsa mu 2003. M'masiku awo abwino, Khirisimasi ikayandikira ankasoka mpaka usiku pa nyali ya koloboyi. Mabelo atachuluka, ntchito yawo inasanduka yobweza m'chiuno mathalauza a anthu a kutali omwe sadzawaona. Sindinganyoze kaunjika, chifukwa ndi amene anandiveka jekete yanga yoyamba. Koma mtengo wake weniweni analipira ndi malume.

Agogo anga aamuna anali a m'badwo wa Wenela ndi Theba, pamene munthu ankatsata ntchito kumigodi ya ku South Africa, mpaka njirayo inatsekeka mu 1988. Lero akuti ntchito ndiyo imatsata anthu. Nanga bwanji imatilambalala? Dziko lathu lilibe doko, magetsi ndi ozimazima, ndipo katundu amadya ndalama zambiri pamsewu asanafike kunyanja. Mafakitale osoka zovala zotumiza ku America pansi pa pangano la AGOA la mu 2000 anabweradi, koma malamulo ochepetsa zovala za ku Asia pamsika wa dziko lonse atatha mu 2005, ambiri anayamba kufooka. Mwini munda anali atapeza waganyu wotchipa kuposa ife.

Ganyu wamkulu yemwe boma lathu linamuonapo ndi wa njanji. Kampani ya Vale ya ku Brazil inkafuna njira yotulutsira malasha a ku Moatize kupita kunyanja ku Nacala, mtunda wa makilomita 912. Inapatsa kampani ya Mota-Engil ya ku Portugal ntchito yomanga chigawo chochokera ku Kachaso kukafika ku Nkaya, chodutsa ku Mwanza ndi ku Neno, ndipo ntchito inayamba mu 2012. Anyamata a kwathu anavala zipewa zolimba ndi majombo. Nyumba za lendi zinakwera mtengo, ogulitsa kanyenya anaona ndalama, ena anafolera nyumba ndi malata. Pofika mu 2017, pamene njanjiyo inatsegulidwa mwamwambo, misasa inali itapasuka kale. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji kwa Vulcan, kampani ya eni ake a ku India, pa zokambirana zomwe zinachitikira kutali ndi Mwanza. Akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Sindikunena kuti njanji n'njoipa, kapena kuti titseke chipata. Amene anapulumukapo ndi ufa wa ganyu sangautukwane. Chondiwawa ndi munda wathu womwe tausiya m'thengo. Nyengo yozizira ikafika, manachesi a ku Mwanza amadzaza madengu m'mbali mwa msewu, otsekemera kuposa ena onse m'dziko muno. Mavenda amagula pamtengo wolira, otsala amaolera pansi pa mtengo. Pamsewu womwewo pamadutsa magalimoto onyamula majuwisi a m'mapaketi ochokera kunja, kupita kumasitolo a ku Blantyre. Ntchito yofinya chipatso, kuthira m'botolo ndi kumata chizindikiro, yomwe ikanasunga ana athu pakhomo, tinaisiyira anthu ena popanda wotikakamiza.

Mwana wa mchemwali wanga anaphunzira kuwotcherera zitsulo nthawi ya njanji ija. Luso limenelo ndilo linatsala m'manja mwake misasa itachoka, ndipo lero akuwotcherera mageti ku Johannesburg. Mwezi ukatha amatumiza ndalama pafoni, mayi ake n'kulemba aganyu oti apalire m'munda wa manachesi womwe iye anausiya. Akaimba foni amandifunsa kuti, “Malume, kodi fakitale ya juwisi ija anamanga?” Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndimamuuza choncho, koma funso lakelo sindinaliyankhebe.